Sitima ya Eni, Mbendera Yathu

Ambiri a ife amene tatsala pang'ono kumaliza yunivesite tili ndi foda ina mu laputopu imene makolo sakuidziwa. Muli chithunzi cha pasipoti, ma CV atatu osiyana, ndi mafomu a kunja amene tinayamba kulemba usiku wina koma sitinawamalize. Ndikapita kutchuthi kwathu ku Area 18, nkhani za anzanga amsinkhu wanga zimakhala zomwezo: uje ali ku Ireland, uje anapita kuminda ya ku Israel, uje akudikira yankho la usilikali wa ku Britain. Foda imeneyo nanenso ndili nayo, choncho sindikulemba ngati woweruza. Ndikungofuna kuika pambali pa maulendo amenewa ulendo wina umene umaoneka ngati wofanana nawo koma ndi wosiyana kwambiri, ulendo wa munthu amene dziko lake lamutuma kukagwira ntchito pa sitima yankhondo ya dziko lina, n'kubwerako.

Munthuyo ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anakulira m'nyumba mwathu ndipo ndimawatchula kuti achimwene. Iwo ndi msilikali wapamadzi wa Malawi Defence Force, ndipo amakhala ku Monkey Bay komwe kuli likulu la gulu lawo. Anasankhidwa kupita ku Simon's Town, pafupi ndi Cape Town, komwe kuli doko lalikulu la asilikali apamadzi a ku South Africa. Anakhalako miyezi ingapo akudya, kugona ndi kulondera pamodzi ndi eni sitima, atavala yunifomu yakwathu, mbendera ya Malawi ili paphewa. Atabwerako, anthu a mumsewu wathu anagawika pawiri. Ena anaseka: "Nevi? Malawi yomweyi? Sitima zake zimayenda mu Lingadzi kapena?" Ena anapukusa mitu: "Munthu wafika kale ku Joni pa tikiti ya boma, ndiye n'kubwereranso kuno?" Mafunso awiriwa ndikufuna kuwayankha pamodzi, chifukwa onse akuchokera pa chikhulupiriro chimodzi, choti Mmalawi akapita kwa eni amapita chimanjamanja, ndipo akabwerera amabwerera kumalo kopanda kanthu.

Tiyambe ndi oseka aja. Ife ana a mu Lilongwe nyanja timaidziwa ngati malo opitako pa Khirisimasi. Timakwera basi ya ku Salima, kutsika ku Senga Bay, kudya chambo, kujambulitsa, madzulo n'kubwerera. Sitiganiza kuti madzi omwewo ndi aatali makilomita oposa 550, kuti pena amazama mamita pafupifupi 700, ndiponso kuti ndi malire athu ndi mayiko awiri. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi zathu, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mkangano wathu ndi Tanzania pa za malire a kumpoto kwa nyanja, umene mizu yake ili m'pangano la Britain ndi Germany la 1890, sunathebe mpaka lero. Ndipo nyanjayi si dziwe. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kumpoto kwa nyanja, anthu 145 n'kufa. Nkhondo nayo inayendapo pamadzi amenewa. Mu August 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko limene lero limatchedwa Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ikadalipo ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ndipo ambiri timaidutsa osafunsa kuti inachokera kuti.

Amene mbiri yakale siimukhudza akumbukire za posachedwa. Mu January 2015 madzi atasefukira ku Nsanje ndi Chikwawa, anthu amene anali pamitengo ndi pamadenga anakatengedwa ndi maboti ndi ndege za asilikali. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana osapezeka, ndipo m'madera ambiri msewu unasanduka mtsinje. Pa tsiku ngati limenelo munthu wodziwa kuyendetsa boti m'madzi othamanga, odzaza ndi zitsa ndi malata, saseketsa aliyense. Ngakhale nyanja yamchere imene tilibe imatikhudza. Mafuta a mu minibasi imene imatitengera ku Area 25, feteleza wa agogo kumudzi, tirigu wa buledi, zonsezi zimatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam zisanakwere thiraki kapena sitima yapamtunda. Mu 2011 sitima za ku Simon's Town komweko zinayamba kutumizidwa kukalondera nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar poopa achifwamba apanyanja. Njira imene ankalonderayo ndi imene katundu wathu amadutsa. Sife tokha dziko lopanda gombe la mchere limene lili ndi asilikali apamadzi. Bolivia inataya gombe lake pa nkhondo yake ndi Chile imene inayamba mu 1879, koma mpaka lero ili ndi nevi pa nyanja ya Titicaca ndi m'mitsinje yake.

Tsono kodi munthu wa ku Monkey Bay amakaphunzira chiyani pa sitima ya eni? Achimwene sakamba zambiri za ntchito yawo, ndipo zina saloledwa n'komwe kukamba. Zimene amandiuza ndi zooneka ngati zazing'ono. Amati chinthu choyamba chimene chinawazunguza ndi madzi amene amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Kwathu ukamangirira boti madzulo, m'mawa umalipeza pamene unalisiya, pomwe kumeneko chingwe chimene wamanga bwinobwino masana chikhoza kukhala chitathina kapena chitalendewera pofika usiku, ndipo ulendo uliwonse umayamba ndi kuwerenga tebulo la nthawi ya madzi. Chachiwiri ndi mchere. Mchere umadya chitsulo usana ndi usiku, moti gawo lalikulu la moyo wa msilikali wapamadzi ndi kupala dzimbiri ndi kupenta, osati kuombera mfuti monga timaonera m'mafilimu. Chachitatu ndi nthawi. Sitima yaikulu sigona. Anthu amalandizana ulonda maola anayi anayi, ndipo ukachedwa mphindi zisanu ndiye kuti wabera mnzako tulo. Chachinayi, chimene amachibwereza kawirikawiri, ndi kulemba. Injini ikasinthidwa oyilo, zilembedwe. Bawuti ikamangidwa, zilembedwe, ndi dzina la womangayo. Poyamba ankaona ngati ndi kuchulutsa mapepala, koma anadzaona kuti n'chifukwa chake munthu watsopano akhoza kufika lero n'kudziwa mbiri yonse ya makina amene sanawaonepo.

Mpaka apa nkhaniyi ikugwirizana ndi zimene tonse timayembekezera: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, wapita, waona, waphunzira. Koma mbali imene inandigwira mtima ndi ina. Achimwene amati panali zinthu zimene eni sitima ankawafunsa iwo. Madzi opanda mchere ndi opepukirapo kusiyana ndi amchere, choncho boti lomwelo, ndi katundu yemweyo, limamira pang'ono kwambiri pa nyanja ngati yathu. Aliyense amaziphunzira m'kalasi, ndipo pambali pa sitima zamalonda pamakhala mizere yosonyeza kusiyanako, koma ndi ochepa mwa anyamata a kumeneko amene anaziona ndi maso atanyamula anthu. Mafunde a mwera ndi afupiafupi ndi oimirira, amamenya boti laling'ono mosalekeza, mosiyana ndi mafunde ataliatali a nyanja yamchere amene amakunyamula n'kukutsitsa. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye wosambira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya ayenera kuwerengera nthawi yake mosiyana, apo ayi adwala pobwerera pamwamba. Ndipo pali luso lina limene palibe buku limalilemba, loyendetsa boti pamwamba pa munda wa chimanga umene dzulo unali pouma, kukatenga mayi ndi ana pa chulu, m'madzi amene muli ng'ona. "Msuweni," anandiuza tsiku lina, "kumeneko anandiphunzitsa sitima, koma za madzi osefukira ankakhala chete n'kumamvera ine."

Apa ndi pamene pali tanthauzo la mawu oti kusinthana. Amene amangolandira sasinthana ndi munthu, amathandizidwa. Makolo athu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwambiwu timaukumbukira mlendoyo akakhala mzungu wobwera kuno ndi laputopu, n'kuuiwala mlendoyo akakhala ife.

Komabe si kukhala pamodzi kulikonse pa sitima kumene kuli kwabwino, ndipo mbiri ya asilikali athu apamadzi imachitira umboni. Chiyambi chawo chinali ndi dzanja la Apwitikizi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Apwitikizi akumenyana ndi FRELIMO ku Mozambique, anali ndi doko la nkhondo ku Metangula, tsidya lina la nyanja yathu yomweyi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linali pa ubwenzi ndi iwo, ndipo mu 1968 anapereka kwa Malawi boti lolondera limene linapatsidwa dzina loti John Chilembwe. Lina linatsatira mu 1970. Ogwira ntchito m'mabotimo anali anyamata a Malawi Young Pioneers, koma poyamba owalamula anali maofesala a Chipwitikizi, ndipo chimene Apwitikizi ankafuna n'choti nyanja isakhale njira ya omenyera ufulu wa Mozambique. Taganizani bwino. Chilembwe ndi munthu amene kumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mu January 1915 anaukira atsamunda. Patapita zaka zoposa 50, dzina lake linalembedwa pa boti loyendetsedwa ndi ofesala wa atsamunda ena, polondera Aafirika anzathu. Pamenepo mbendera inali yathu, dzina linali lathu, anyamata anali athu, koma cholinga chinali cha eni. Ubale umenewo unatha boma la ku Lisbon litagwa mu April 1974 ndipo Mozambique italandira ufulu mu June 1975.

Phunziro limene ndimatengapo ndi loti funso lofunika si lakuti sitimayo ndi ya yani. Funso ndi lakuti amene waima pa sitimayo akutumikira cholinga cha yani, ndipo zimene akuphunzira zikathera kuti. Achimwene anaima pa sitima ya eni koma anali pa ntchito ya Malawi. Anyamata a 1968 aja anaima pa boti la Malawi koma mbali ina anali pa ntchito ya eni.

Ndi funso lomweli ndimayang'ana njira imene anzanga ambiri akuithamangira. Mu November 2018 boma la Britain linachotsa lamulo loti nzika za mayiko a Commonwealth zikhale zitakhala kumeneko zaka zisanu zisanalembedwe usilikali, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya mafomu a British Army ndi Royal Navy inalowa m'magulu athu a WhatsApp. Ndi ntchito yeniyeni, ya malipiro enieni, ndipo pali nyumba zimene zamangidwa ndi fizi imene yalipidwa chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma tisaitchule dzina lolakwika. Wolembedwa kumeneko sanatumidwe ndi Malawi. Ndi msilikali wa Britain, amapita kumene boma la ku London lamutuma, ndipo luso lake ndi chuma cha dzikolo. Ngakhale atatumikira chotero, kukhazikika kumeneko sikubwera kokha. Mpaka mu 2022 msilikali wa Commonwealth womaliza ntchito ankalipira mapaundi oposa 2,000 kuti apemphe chilolezo chokhazikika, ndipo ndalamayo inachotsedwa kwa okhawo amene atumikira zaka zisanu ndi chimodzi kapena avulala pa ntchito. Wofuna kupita apite, koma apite atawerenga zonse, chifukwa safunsa anadya phula.

Ife a ku Area 18 sitiyenera kuuzidwa zimenezi ndi munthu wakutali. Chipilala chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse chili m'dera lathu lomweli, pafupi ndi Capital Hill. Timachidutsa popita ku City Centre, ena amakajambulirapo zithunzi za ukwati. Anthu amene chimawakumbukirawo anavala yunifomu ya King's African Rifles, ena anali amtengatenga onyamula katundu wa nkhondo pamutu, ndipo anafera kutali pa mikangano ya mafumu a ku Ulaya. Ku Simon's Town nako kuli chikumbutso cha mtundu womwewo. Imodzi mwa sitima zikuluzikulu zankhondo za South Africa imatchedwa Mendi, pokumbukira sitima imene inamira pafupi ndi gombe la England mu February 1917 ndi anthu oposa 600, ambiri mwa iwo anthu akuda amene ankapita kukagwira ntchito ya nkhondo ku France. Aafirika takhala tikukwera sitima za eni kwa zaka zoposa 100. Chachilendo, chimene agogo athu sanachione, ndi kukwera ngati mlendo wolemekezeka wotumidwa ndi dziko lako, wokhala ndi tsiku lobwerera.

Tsopano kwa opukusa mitu aja, amene amati munthu wanzeru akanangotsalira. Sindingawayankhe ndi nyimbo ya fuko, chifukwa funso lawo lili ndi mano. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo malipiro a aliyense wolandira kwacha, msilikali kaya mphunzitsi, anafota ali m'thumba. Amayi anga, amene kwa achimwene ndi azakhali, anawafunsa mosabisa atabwera kudzationa: "Mwana wanga, kumeneko sunaone mpata?" Iwo anayankha mwaulemu kuti, "Azakhali, ndikanatsala ndikanakhala wothawa ntchito ya usilikali, wobisala, wopanda mapepala. Ndipo mnyamata wina amene akanapita chaka chamawa sakanapitanso, chifukwa eni aja akanati Amalawi ukawaitana sabwerera." Amayi sanatsutse, koma sanasekenso. Anangoti, "Chabwino, idya nsima izizira."

Yankho limeneli lili ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi imene imatikhudza ife ophunzira. Mwayi wosinthana umayenda pa chikhulupiriro. Malo amene munthu wapatsidwa si ake yekha, wangobwerekedwa, ndipo mmene awasiyire ndi mmene wotsatira adzawapezere. Zimenezi n'zoona pa sitima yankhondo, n'zoonanso pa sikolashipu. Wopita pa Chevening amasainira kuti abwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri akamaliza. Namwino wotumizidwa kukaphunzira, lekichara wopita kukachita PhD pa ndalama ya yunivesite, wophunzira wopita semesita imodzi ku Norway kapena ku Scotland, onsewa anyamula khomo limene likhoza kutsekeka pambuyo pawo. Tikamaombera m'manja amene "anachenjera" n'kutsalira, tizikumbukira kuti pamzere wodikira khomo lomwelo pali ifeyo.

Koma ndisanamize munthu kuti kubwerera kokha ndi kokwanira. Luso ndi ngati mbewu, limafuna pogwera. Wobwerako ndi chizolowezi cholemba mbiri ya injini ayenera kupeza anzake olola kuyamba kulemba, ndi akuluakulu osaona ngati akudzionetsa. M'maofesi ambiri m'dziko muno, munthu akabwera ndi njira yatsopano timamufunsa kuti, "Wayamba liti uzungu?" Tikatero taononga tikiti imene tinamulipirira tokha ndi misonkho yathu. Udindo wa kusinthana suli pa wopita yekha. Uli pa otsala, kuti akabwera timufunse zambiri kuposa za mtengo wa foni ku Cape Town. Achimwene amati chimene chimawasangalatsa kwambiri si satifiketi imene anabwera nayo, koma kuona mnyamata wongolowa kumene ntchito akutsegula buku la injini popanda womuuza.

Kwa anzanga a mafoda aja, pempho langa ndi laling'ono. Musanatumize fomu iliyonse, kaya ya usilikali, kaya ya sukulu, kaya ya kumunda, khalani pansi mulembe zinthu zitatu zimene mukudziwa zimene anthu a kumene mukupitako sazidziwa. Wa zaulimi ku Bunda amadziwa mmene mlimi wa ekala imodzi amasankhira mbewu mvula ikachedwa. Wa zaumoyo waona malungo ochuluka kuposa amene dokotala wa ku Glasgow adzaone moyo wake wonse. Wa zamakompyuta amadziwa kupanga pologalamu yoti igwire pa foni yotchipa, netiweki ikudukaduka, magetsi atazima. Zimenezo ndi kalumo kanu. Mukapita mukukadziwa, mudzakhala pa tebulo ngati mnzawo, mudzafunsa mafunso abwino, ndipo mudzazindikira msanga ngati malo amene mwafikawo akufuna nzeru zanu kapena manja anu okha. Mukapita mukukhulupirira kuti kwanu kulibe kanthu, mudzavomera chilichonse chimene adzakupatseni, n'kumathokoza.